Nkhata ya a Dilliram

A Dilliram Baral anamva za imfa yawo Lachitatu m'mawa akugula mkaka, ndipo mkakawo sanaufikitse n'kunyumba komwe. Analunjika kusukulu yawo yakale mumzinda wa Pokhara, kwa mayi Sushila Regmi, amene bungwe la ophunzira akale linawapatsa ntchito yojambula mabuku apachaka a zithunzi za ophunzira n'kuwaika pa intaneti, mayi woti mukawauza kuti atseke chitseko safunsa ngati mwini nyumba ali panja.

"Mayi, ndine Dilliram Baral."

"Pepani kwambiri," anatero mayi Sushila, ataphatikiza manja. "Ndinu mbale wawo?"

"Mbale wa yani? Ndine mwiniwake."

Mayiwo anatembenuza kompyuta. Pa tsamba la omwalira panali mnyamata wowonda ngati bango, nkhata ya maluwa ili m'khosi.

"A Baral ndi awa. Anatisiya."

"Liti?"

"Buku silinatchule tsiku."

"Ndiye mwadziwa bwanji?"

"Maluwawa, bambo. A bungwe anati chithunzi chilichonse chokhala ndi nkhata chipite kwa omwalira. Kwanu chithunzi cha malemu simuchiveka maluwa?"

"Timaveka chithunzi chikakhala pakhoma. Apa anaveka munthu. Ndinapambana mpikisano wothamanga kukwera phiri, ahedi anandiveka ndi manja awo."

"Ahediwo nawonso ali kwa omwalira."

"Iwowo anafadi."

"Mwaonatu. Lamulo likugwira ntchito."

A Dilliram anakhala pansi osauzidwa. Kunena zoona, kufako sikunkawawawa kwenikweni. Chinkawadya mumtima chinali phwando la ophunzira akale la Loweruka likudzalo. Chaka ndi chaka ankapitako kukalimbana ndi a Gopinath Subedi, amene kwa zaka makumi asanu akhala akufalitsa kuti a Dilliram anapambana podutsa chidule m'munda wa mpunga. A Dilliram akajomba, a Subedi akayankhula okha popanda wowatsutsa.

"Ndikufuna mpando wanga Loweruka."

"Malo muli nawo kale. Patebulo lakutsogolo la zithunzi za omwalira, pakati pa nyali ndi lubani."

"Nanga mbuzi ndi mpunga?"

"Pamenepo sitiikapo mbale."

Anasolola chiphaso n'kuchiponya patebulo. Mayi Sushila anachiwerenga kutsogolo ndi kumbuyo.

"Ichi chikusonyeza kuti munabadwa. Zimenezo palibe akutsutsa."

"Gwirani dzanja langali. Si lotentha?"

"Kunja kuli dzuwa, bambo. Komanso wa pachithunziyu ali ndi tsitsi."

"Aaa, mayi inu. Ndiye nditani, ndivine?"

"Ayi, kuno n'kowerengera. Pezani anzanu awiri a m'kalasi mwanu asayine kuti muli moyo."

"Atsala angati?"

Mayiwo anawerenga ndi chala. "Mmodzi. A Subedi."

"Wachiwiri?"

"Mukanakhala inuyo. Koma poti..." Analoza chithunzi chija mwaulemu.

A Dilliram anadzuka, mitsempha ili tototo pakhosi, n'kumenya tebulo mpaka tiyi wa mayiwo anatayikira m'kambale.

"Sindichoka muno. Ndigona pamabuku pomwepa mpaka mundidzutse."

"Chabwino, bambo, khalani pansi. Mungafere pano, ine n'kugwira ntchito kawiri." Anakoka kompyuta. "Ndikubwezani kwa amoyo. Kungoti mauthenga achipepeso afufutika. Amoyo sitiwapepesa."

"Afufutike. Alipo angati?"

"Umodzi."

"Umodzi wokha? Anthu osayamika. Walemba ndani?"

"A Subedi."

"Hee. Wanditukwana ndili m'manda. Werengani timve."

Mayi Sushila anakonza magalasi n'kuwerenga ndi mawu omwe amawerengera mndandanda wa mabuku: "Mnzanga Dilliram, wapita ndisanakuuze. Unandipitirira mwachilungamo. Amene anadutsa m'munda wa mpunga ndinali ine, koma ngakhale choncho unandisiya m'mbuyo. Pita bwino, mphepo ya kalasi yathu."

A Dilliram anamva kukoma kumene anali asanakumve chiyambire tsiku la nkhata lija, ndipo maso anawayabwa pang'ono.

"Bwerezani paja pa mpunga."

Anabwereza.

"Anthu aziona zimenezi?"

"Ochepa. Ambiri akamva Loweruka. A Subedi apempha kuti akawerenge okha pachimkuzamawu, anthu onse ataimirira. Koma poti muli moyo, ndiwauza kuti zalephereka."

Chala cha mayiwo chinayamba ulendo wopita pakompyuta. A Dilliram, amene bondo limawavuta pokwera basi, anadumpha mpando n'kuchigwira chili m'malere.

"Mukutani, mayi?"

"Ndikukudzutsani."

"Wakuuzani ndani kuti ndili moyo?"

"Inuyo, bambo. Mwalowa muno ndi miyendo yanu, mwanditayira tiyi."

A Dilliram anatola chiphaso chawo, n'kuchibisa m'thumba lamkati, n'kunyamula mkaka wawo.

"Umboni uli kuti? Wa pachithunziyo ali ndi tsitsi."