Hita ya Apongozi

Ndinali pamzere m'shopu ya hadiweya, mwana kumsana, ndikufuna babu. Patsogolo panga bambo wa jekete anatembenukira mlendo wa ovolosi.

"Achimwene, mawaya a galimoto mumawadziwa?"

"Pang'ono. Chavuta n'chiyani?"

"Ndalumikiza ndekha hita. Apongozi anga amadana ndi kuzizira, komanso amati mwana wawo anakwatiwa ndi munthu wopanda luso."

"Ndiye siikuyaka?"

"Ikuyaka, koma pokhapokha ndikaika giya ya rivesi."

"Aaa, bambo inu! Mwaipatsa waya wa nyale za rivesi. Itengereni moto kubatire, podzera pa fyuzi."

"Nthawi palibe. Apongoziwo ali m'galimotomo panjapa, akunjenjemera, akudikira kuti ndiwaperekeze kwawo."

"Kwawoko n'kutali?"

"Kutali ndithu. N'chifukwa chake ndadzagula galasi lalikulu loonera kumbuyo."