Ndinathira mafuta a makina mu wotchi ya malemu apongozi

Zikomo pondiwerengera nkhaniyi. Ndine mayi wosoka zovala ku Kawale.

Amuna anga ali ndi wotchi yapamkono imene anawasiyira malemu bambo awo, ndipo salola munthu kuigwira. Anaisiya m'kabati popita ku Ntcheu kukakumba kachewere. Patatha masiku awiri ndinaipeza itaima. Pozolowera kuti makina akavuta amafuna mafuta, ndinaidonthezera mafuta a makina anga osokera pakachitsulo ka m'mbali. M'mawa mwake mafuta anali atalowa mpaka pamanambala, amuna anga n'kuimba foni kuti ali m'basi.

Ndinathamangira kwa mkulu wina wokonza mawotchi m'tauni. Anaitsegula n'kuyang'ana ndi kagalasi ka padiso.

"Amayi, wotchiyi inalibe vuto. Imayendera kugwedezeka kwa mkono, inangoima chifukwa chosavalidwa. Tsopano ndiyenera kuiphwasula yonse n'kutsuka kachitsulo kalikonse. Mubwere pakatha sabata, koma sindikulonjeza."

Pofika kunyumba ndinapeza amuna anga ataima pakabati yotsegula. Ndinagwada n'kuulula zonse. Sanakalipe, koma bola akanakalipa. Lero ndi tsiku lachinayi wotchiyo ili kokonzedwa, ndipo ndikumawaona akuyang'ana nthawi pamkono popanda kanthu.