Magazi a tonse awiri

Aulutsi, ine kwathu ndi ku Kasungu koma ndinakwatiwa ku Mzimba. Amuna anga amacheka matabwa ku Chikangawa.

Mwana wathu wachiwiri ankati kukangozizira, manja ndi mapazi kutupa, maso achikasu, kulira kosatonthozeka. Apongozi anga aakazi anamutemera mphini mpaka timanja tonse zipsera zokhazokha. Zitakanika, mlandu unagwera ine. "Kuno kwathu kulije nthenda iyi," ankatero. "Mwabwera nayo ndinu, mkamwana. Ng'ombe zathu za lobola zinangopita pachabe."

Tsiku lina kuchipatala tinapezako anthu ofufuza za matenda a magazi otengera kwa makolo. Atamuyeza mwana anati ndi matenda otchedwa sikoselo. Kenako namwino wawo anapempha kuti atiyezenso makolofe. Amuna anga anayamba akana, ati wodwala si iwo, koma namwinoyo anawalankhula mofatsa mpaka anapereka chala.

Zinapezeka kuti tonse awiri tili ndi mbewu ya matendawa ngakhale sitidwala, ndipo mwana sadwala akatengera kwa kholo limodzi lokha.

Titafika kumudzi, amuna anga anakhala pansi pafupi ndi mayi awo. "Amama, theka la nthendayi ndi langa. Ndipo ine ndinalitenga kwa imwe kapena kwa adada." Apongozi anayang'anitsitsa zipsera pa timanja ta mdzukulu wawo.

Lero mwana akumwa mankhwala, timamupatsa madzi ambiri ndipo sitimulekerera pamphepo. Ofufuza inu, kulikonse muli, yewo chomene. Juzi yomwe wavala popita kusukulu mmawa uno anamulukira ndi apongozi omwe aja.