Kabuku ka Yunivesite Yotchuka

Telala anasesa tizidutswa ta nsalu patebulo lake n'kuyalapo mafomu awiri amene chitsiriza wawo anasiya m'mawa. Mtsikanayo anapeza malo kuwiri, ku yunivesite yotchuka yakutali ndi ku koleji ya uzamba ya kuseri kwa msika kumene mtima wake unali, ndipo bambo ake anayenera kusaina fomu imodzi positi isanatseke.

Mkazi wake analowa ndi tiyi, n'kumuika patali ndi nsalu za eni ake.

"Mayi ake, khalani apa muone kumene mwana wanu akupita," anatero telala, akutambasula kabuku konyezimira ka yunivesiteyo.

Mayiyo anapukuta manja n'kuweramira chithunzi. "Kalanga ine! Mipando alibe?"

"Mipando yanjinso?"

"Si awa akhala pa kapinga ndi mabuku awo."

"Akhala mwa kufuna kwawo! Akupitidwa mphepo."

"Nthawi ya sukulu? Aphunzitsi ali kuti?"

Telala ananyowetsa chala n'kutembenuza tsamba msangamsanga. "Onani nyumba iyi. Zaka mazana awiri ili chiimire."

"Osaikonza? Taonani zomera zayanga khoma mpaka pawindo. Palibe ngakhale mmodzi wa chikwanje kumeneko?"

"Zimenezo n'zokongoletsa!"

"Aa. Koma bafa yathu ikamera ndere mumakalipa."

Bamboyo anamwako tiyi kuti mtima utsike. Zaka makumi atatu za banja zinamuphunzitsa kuti mkazi wakeyu sanyoza, amafunsadi.

"Mvetserani bwino. Pa ana zana ofunsira malo, amatengapo atatu basi."

"Ndiye ndi yaing'ono. Kuseri kwa msika amatenga makumi asanu."

"Si kuchepa kwa malo ayi, ndi kusankha!"

"Enawo amawabweza? Ana a eni ake, atavutika kulemba makalata?" Mayiyo anagwira pachifuwa. "Ndiwapempherera."

"Apempherereni, koma wathu amutenga! Dzina, mayi ake, dzina! Munthu akangotchula sukulu imeneyi, bwana aliyense amaimirira."

"Ine pobereka ana anayi sindinafunsepo mzamba dzina la sukulu yake. Ndimayenera kufunsa? Mukanandiuza."

"Kumeneko sakaphunzira uzamba! Akaphunzira zazikulu."

"Zazikulu kuposa kubadwa kwa munthu? Ndi ziti zimenezo?"

Telala anasakasaka m'kabukumo mpaka chala chake chinaima. "Apa! Werengani nokha. Pa omaliza maphunziro khumi, asanu ndi anayi amalembedwa ntchito kunja kwa dziko. Amachita kuwalimbirana!"

Mayiyo anawerenga pang'onopang'ono, milomo ikugwedera. Kenako anausa moyo, natola cholembera n'kumupatsa ndi manja awiri.

"Ngati ndi choncho, sainani. Inu mumadziwa zambiri."

"Eyaa! Tsopano mwayamba kumva."

"Alemba kuti ulendo wake ndi wa masiku awiri. Tchuthi kamodzi pachaka. Zaka zinayi, kenako kunja. Ndiye mawa mupite mukayezetse maso, mugule magalasi."

"Magalasi akubwera bwanji pankhaniyi? Maso anga ali bwinobwino. Ndinalepherapo kulowetsa ulusi m'singano ine?"

"Simulephera, chifukwa simulowetsa. Mwana amalowetseratu masingano onse m'mawa, inu mukusamba."

"Si inu mumachita zimenezo?"

"Ine? Anga ndi ofanana ndi anuwo. Anati ndisakuuzeni, mungachite manyazi." Mayiyo anagwira pakamwa. "Ayi, ndanena kale."

Telala anacheukira kapilo kobayapo masingano pambali pa makina. Analipo asanu ndi imodzi, aliyense ndi ulusi wake: wakuda, woyera, wofiirira wa buluku limene ankafuna kuyamba masana. Munthu woteroyo, anaganiza, anabadwira kuthandiza anthu mwakachetechete, ndipo fomu imene ankaifuna anaiika pansi pa inzake osanena kanthu.

"Sainanitu, bambo ake, positi itseka."

"Dikirani."

Anatsegula tsamba lomaliza, pamene omaliza maphunziro anaima ndi mikanjo yawo yakuda. Anapita nako kabukuko pawindo. Anakayandikitsa kumaso, nakatalikitsa, kenako anavula tepi m'khosi n'kuyeza chithunzicho.

"Ha! Ndinadziwa ine. Bwerani muone mpendero wa mkanjo uwu. Wokhota!"

Mayiyo anayang'anitsitsa. "Ine ndikuona wowongoka."

"Wokhota! Kumanzere kwatsika."

"Mwina mwanayo waima mopendekeka."

"Mukuwaikira kumbuyo bwanji anthu amenewa? Telala ndani m'nyumba muno?" Anaponya kabukuko m'dengu la zidutswa n'kutambasula dzanja. "Ndipatseni fomu ya kuseri kwa msika. Sukulu yolephera kupendera mkanjo ingamuphunzitse chiyani mwana wanga?"