Sikani Yobisidwa

Pabenchi ya odikira dokotala wa amayi, mayi wachitsikana wa juzi yofiira anakhala chowuma ngati wamatidwa, mzere n'kumayenda iye osasuntha. Mayi wonenepa amene anali pambali pake anamugunda ndi chigongono.

"Achemwali, sunthani. Kapena benchiyi mwagula?"

"Dutsani inuyo, mayi."

"Chavuta n'chiyani?"

"Chotupa pathumba la mazira. Dokotala wina akuti Lachinayi opaleshoni, achotse thumba lonselo. Ine mwana ndilibe. Ndabwera kuti ndimvekonso kwa wina."

"Mwachita bwino, ngakhale nsapato sitigula yoyamba kuyesa. Nanga sikani yoyambayo, chithunzi cha m'mimba chija, ili kuti?"

"Ndaibisa. Dokotala uyu akaiona angokopera za mnzake, ngati ana pamayeso."

"Iii! Mwabwera kudzachira kapena kudzayesa madokotala? Changa chinali ngati lalanje. Dokotala wachiwiri anaika zithunzi pamodzi, chakale ndi chatsopano, n'kuona kuti chikuphwa chokha. Mpeni sunandikhudze. Cha mlamu wanga chinkakula, anachichotsa, ndipo lero akudumpha chingwe. Popanda chithunzi chakale adziwa bwanji kumene chanu chikulowera?"

"Koma sakwiya kuti ndinayamba ndapita kwina?"

"Akwiyirenji? Ndi amuna anu?"

Namwino anasuzumira pakhomo. "Wotsatira! Mubwere ndi mapepala onse."

"Ndiye sikaniyo mwaisiya kunyumba?" anafunsa mayi wonenepa uja.

"Ayi, mayi. Ndaikhalira."

"Dzukani, mwaisita mokwanira!"

Wa juzi yofiira uja anadzuka, n'kutola envelopu yake ili yofunda, n'kulowa ataitsogoza.