Mankhwala a Apongozi Anga, Owamwetsa Atatu

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye. Ndabwera ndi umboni wa matenda a apongozi anga aamuna, omwe anatsala pang'ono kuwatenga, n'kutenganso banja langa.

Ine kwathu ndi ku Ntcheu. Ndinabwera ku Karonga kudzaphunzitsa, ndipo ndinakwatiwa ku Mwenilondo. Apongozi anga atayamba kuyiwalayiwala mpaka kusochera njira ya kumunda kwawo, tinapita nawo kuchipatala. Adokotala anatipatsa mapiritsi n'kutichenjeza kuti azimwa limodzi lokha patsiku, chifukwa akapyola muyeso amafooketsa mtima.

Pabanja limene ndinakwatiwa, mkazi wa mwana sakhala maso ndi maso ndi apongozi ake aamuna, ndipo sawatsutsa. Choncho ndinkaika piritsi pambale, n'kusiya pakhomo pawo pamodzi ndi madzi, ine ulendo. Ndinkadziona ngati mpongozi wa ulemu ndithu.

Posakhalitsa anayamba kusanza, kukana chakudya ndi kumva chizungulire. Mutu wanga unaima. Kodi ndi matenda aja akukula? Kodi ndi malungo? Mapiritsi ankatha msanga, koma ndinkangoti mwina akumawataya. Achibale anayamba kunong'onezana m'Chinkhonde, chomwe ndimangomva mwa apo ndi apo. Chomwe ndinatolapo n'chakuti wophikira mkuluyo ndi mlendo uja. Amuna anga sanandinene, komanso sanandiikire kumbuyo, ndipo zimenezo zinandiwawa kuposa miseche. Popemphera ndinkasowa chopempha, ndinkangoti Ambuye, onetsani chimene chikuchitika pakhomo pano.

M'mawa wina apongozi anga anakomoka ali pansi pa mtengo wa mango. Tinathamangira nawo kuchipatala ine, amuna anga ndi azakhali awo, mlongo wa odwalawo. Namwino atawayeza anati mtima ukugunda pang'onopang'ono kwambiri. Anayang'ana botolo la mapiritsi lomwe tinabwera nalo, kenaka anatiyang'ana ife.

"Amawamwetsa mankhwalawa ndani?"

"Ine," tinayankha tonse atatu nthawi imodzi.

Abale, ndinachita ngati ndathiridwa madzi ozizira. Zinapezeka kuti akamwa piritsi langa, ankayiwala. Amuna anga akabwera kuchokera kunyanja, bambo awo ankadandaula kuti lero sanapatsidwe mankhwala, iwo n'kutenga botolo pawindo n'kuwapatsa. Azakhali akabwera kudzawazonda, dandaulo lomwelo, piritsi linanso. Ndani akanauza munthu wamkulu kuti mukunama, mwamwa kale? Tonse tinkawapatsa ulemu, ndipo ulemuwo ndi umene unkawapha.

Mulungu ndi wabwino, apongozi anatsitsimuka ndipo anatuluka m'chipatala. Namwino anatilangiza kuti wopereka mankhwala akhale mmodzi, botolo lizitsekeredwa, ndipo woperekayo aziona ndi maso kuti ameza. Akasanza kapena kuchita chizungulire, tisadikire. Azakhali aja, omwe ankatsogolera manong'onong'o, ndi amene anauza banja kuti ntchitoyi ndiigwire ine, mwambo uyambe wapumula.

Mpaka lero sindimvetsa chifukwa chake Mulungu analola kuti tifike pamenepo, ndipo matendawo sanathe. Koma ndikuthokoza kuti anayankha ndi funso limodzi la namwino. Inu amene mukusamala odwala otere, musafooke, ndipo muzifunsana pakhomo. Madzulo aliwonse ndimakhala pamaso pa apongozi anga mpaka atameza. Dzulo anandiyang'anitsitsa n'kufunsa kuti, "Mwana wabwino iwe, unakwatiwa kuti?" Ndinawayankha kuti konkuno, bambo.