Madzi Ofutsira Usipa

Mzere unali wautali pamjigo wa ku Khuyu. Bambo wina wa zigubu ziwiri anayamba kudandaulira mtsikana wachilendo amene anali patsogolo pake.

"Tomato wanga yense wafota, mwanangu, chonsecho ndimathirira kawiri patsiku. Ndi Hector ameneyu, wa dimba loyandikana ndi langa. Wathiramo mankhwala. Lamulungu ndikamunenera kwa akulu a mpingo."

"Munamuona akuthira?"

"Wansanje amachita poonekera?"

"Nanga inu mumathirira madzi anji, bambo?"

"Abwino kuposa awa. Amene mayi akunyumba amafutsira usipa. Muli mafuta a nsomba, manyowa enieni."

"Pofutsapo amathira mchere?"

"Wambiri. Usipa wopanda mchere angagule ndani?"

"Mukadulira tomato m'mbale n'kuwaza mchere, pansi pambale pamakhala chiyani?"

"Madzi."

"Amachokera kuti?"

"M'tomato momwemo."

"M'dimba mwanunso ndi choncho. Madzi amachoka kumene mchere ndi wochepa n'kupita kumene wachuluka. Dothi lanu lachuluka mchere kuposa mizu, ndiye m'malo moti mizu imwe, dothi ndi limene likuyamwa madzi m'mizumo."

"Mukutanthauza kuti pothirira paja ndimaumitsa ndekha?"

"Kawiri patsiku."

"Iii! Hector anandiletsa madzi amenewa. Ine ndinati akuchita nsanje."

"Ndiye Lamulungu mukanena chiyani?"

"Ndisungireni malo, mwanangu. Mayi ndawasiya akufutsa, ndipo ndawauza kuti madzi akazizira athirire nazale yatsopano."

"Nanga Hector?"

"Hector ayambe wadikira. Iye safota."